Mawere a Chipembere Amera Ndevu

Sendererani kuno, ana inu, utsi ungakulizeni. Nanu akuluakulu mwakhala kumbuyoko, musayese kuti nthanoyi ndi ya ana okha. Ine ndikati kalekale, inu muziti tili tonse.

Kalekale, nyama zisanayambe kuthawana, panali mudzi wina m'mbali mwa mtsinje. Pamudzipo panali mayi wina, dzina lake Sakhwi. Mumamudziwa sakhwi, kambewa kaja ka mphuno yaitali, timiyendo ngati tiudzu. Mwamuna wake anatengedwa ndi kabawi, namusiyira ana ndi nyumba yodontha. Chimene chinkamudyetsa mayiyu chinali mowa.

Ankafulula masese, ndipo ankawadziwa. Zipangizo zake zinali zochepa: mbiya zoumba Namzeze, khuntho lokunthira mowa loluka Mpheta, zipanda zomwera, ndi mthiko wautali kuposa mwini wake. Pofuna kutakasa phala, ankagadabuza mtondo n'kukwerapo. Mowa ukapsa sankachita kulawa ayi. Ankangoloza mphuno ku mbiya, fwe fwe fwe, basi wadziwa.

Tsono mowa, ana inu, sutungidwa pachitsime. Umayamba ndi chimera. Umatenga mawere, kuwanyika m'madzi, kuwavuula, kuwafunditsa masamba a nthochi mpaka amere. Akamera umawayanika padzuwa, akauma n'kusinja. Chimenecho ndiye chimera. Popanda chimera phala limakhala phala basi, ngakhale uligwadire.

Pamudzi pomwepo panali Chipembere. Thupi ngati chulu, khungu lopindikapindika, nyanga pamphuno, koma timaso tating'ono tosaona patali. Za mowa ankadziwapo kumwa kokha. Zoti chimera chimachokera kuti, iye ankati ndi nkhani za amayi kuseri kwa nyumba.

Chaka china nthawi yokolola, mchere unasowa pamudzi. Chipembere anali nawo. Anayenda khomo ndi khomo: kachikho ka mchere, dengu la mawere, kachikho ka mchere, dengu la mawere. Ngakhale Nkhwali, mlamu wake wa Sakhwi, amene ankalima mawere ambiri kuposa onse, anagulitsa mpaka mbewu yomwe. Mchere unatha m'ndiwo. Mawere onse a pamudzi anagona m'matumba, m'nkhokwe ya Chipembere.

Chilimwe chitafika, Sakhwi anamweta udzu wofolera nyumba yake. Analengeza pamudzi kuti kudzakhala dima: bwerani mudzandifolere, mowa udzakhalapo. Paja mukudziwa, palibe amene amakwera padenga la mnzake kukhosi kuli gwa. Ndiye ananyamula dzungu, ulendo kwa Chipembere.

"Odi kuno!"

"Ndani?"

"Ndine Sakhwi, achimwene."

"Uli pati?"

"Pansi pa mphuno yanu. Musasunthe phazi lakumanzereli."

Chipembere anatenga chitini choyezera, natunga mawere, nasalaza pamwamba ndi nyanga kuti pasatumphuke ngakhale kanjere. Dzungu limodzi, chitini chimodzi. Sakhwi anathokoza, napita. Koma chitini chimodzi sichifoletsa nyumba. Atapeza dzungu lina anabwereranso.

"Lero ndi maungu awiri," anatero Chipembere.

"Iii, achimwene! Dzana lomweli linali limodzi."

"Zinthu zakwera, mayi. Mayendedwe avuta."

"Mayendedwe ati? Nkhokwe si iyi ili kuseri kwa nyumba yanu?"

"Kuchoka pano kufika kuseriko ndimayenda ndi miyendo yako?"

Sakhwi analipira. Ulendo wachitatu anapeza maungu aja akufuna mnzawo, mtolo wa nzimbe. Ndiye chitini nachonso chinali chitasintha. Chipembere anali atachigogoda kunsi ndi nyanga, khoo, thako lake n'kulowa m'kati. Kunja chitini chomwechija, m'kati theka.

"Chitinichi chadwala chiyani, achimwene?"

"Chakalamba. Ukakalamba nawenso udzafota. Ukugula kapena ukucheza?"

Tsono mtengo uli ngati anyani m'munda: akalowa mmodzi, ena onse amatsatira. Khuntho la Sakhwi linang'ambika, napita kwa Mpheta kuti amulukire lina. Mpheta anati, "Ndakweza, mayi. Ana anga amadya mawere a Chipembere." Mbiya ina inachita mng'alu, napita kwa Namzeze. Namzeze anati, "Ndakweza, dothi lapita patali." Anapita kwa Gogomole wogulitsa nkhuni. Gogomole anati, "Ndakweza."

"Inunso? Inu simudya mawere. Mitengo ili pomwe inali."

"Anzanga onse akweza. Ine nditsalirenji, ndine mwana?"

Sakhwi anabwerera kwawo mphuno ili pansi. Anati ndiyese nzeru zina. Anaphika phala la gaga, nathiramo kachimera kochepa ngati mankhwala, nadikira. Mbiya inangoti duu. Anaikapo khutu, zii. Anaitana Nkhwali kuti alawe. Nkhwali anamwa, natsinzina, nayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Bwanji, alamu?"

"Alamu, kodi mwanditungira madzi otsukira mbiya?"

"Ndiye mowawo."

"Uwu mukawapatsa anthu a dima, adzasasula ndi udzu wakale womwe."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake kunali kwa pamaliro. Kumapiri mitambo inali itayamba kusonkhana masana. Sakhwi akagona ankaona thambo kudzera m'denga, ana ake atapanikizana pakona pamene sipankadontha kwambiri.

Anatsala ndi mawere a chitini chodwala chija. Anawanyika m'mkhate monga mwa nthawi zonse. M'mawa mwake powavuula, anaona chimene ankachiona moyo wake wonse osachilabadira: mawere anali atamwa madzi, atatupa, atadzaza chitini n'kutsalako ena m'lichero. Sakhwi anaima. Mphuno yake inayamba kugwedera yokha, fwe fwe fwe.

"Alamu, mwatani?" anafunsa Nkhwali.

"Ndisenzetseni licheroli. Ndikukabweza katundu wa eni."

Anamupeza Chipembere ali pamthunzi, akutafuna nzimbe.

"Odi, achimwene. Ndabwera kudzabweza zanu. Ine sindidya za eni."

Chipembere analeka kutafuna. Chibadwire chake palibe amene anamubwezerapo kanthu.

"Zanga ziti?"

"Tsiku lija ndinagula chitini chimodzi. Lero ndapeza chitini ndi ena awa. Ndiye kuti munalakwitsa poyeza. Landirani otsalawa, mungadzati Sakhwi ndi wakuba."

"Ine kulakwitsa? Ine?" Chipembere anatenga chitini chake, nathiramo mawere aja. Chinadzaza tho, ena n'kutsala. Anakhuthula, nayezanso. Chimodzimodzi. Anachigogoda, nachisuzumira ndi diso limodzi, nayezanso. Chimodzimodzi.

"Wawatani mawerewa?"

"Palibe, achimwene."

"Anyowa. Wawatani?"

"Aa, ndi zachikazi izi. Mungaseke."

"Nena! Apo ayi, pano usadzapondenso."

Sakhwi anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Ndinangowagoneka m'madzi. Mawere ali ngati ng'ombe, achimwene. Akamwa amanenepa."

"Amanenepa onse?"

"Onse."

"Nanga akauma sabwerera?"

"Dzuwa likawaona amafota. N'chifukwa chake ife timawayala pamthunzi, kuwafunditsa masamba a nthochi, n'kumawawaza timadzi m'mawa ndi madzulo. Koma inu musavutike nazo. Mawere anu ndi ambiri, mungathyoke msana."

Chipembere anatseka timaso take. M'mutu mwake nkhokwe imodzi inabala inzake, maungu anaunjikana mpaka kudenga.

"Pita," anatero. "Ndipo usauze munthu."

Sakhwi asanafike n'kwawo komwe, Chipembere anali atayamba kale kututa. Thumba pamsana, thumba panyanga, ulendo kumtsinje. Khuvuu! Kubwerera. Thumba pamsana, thumba panyanga. Khuvuu! Ndiye ankaimba, liwu lake ngati mtondo ukugubuduzika. Ine ndikaimba, inu muzivomera kuti mimba zikule.

Imwani, imwani, ana anga,
Mimba zikule!
Chitini chibale chitini,
Mimba zikule!
Wosauka adzalira mawa,
Mimba zikule!

Sanasiye ngakhale thumba limodzi. M'mawa mwake anakavuula. Matumba anali atatupa ndi ndi ndi, ena ataphulika misoko. Chipembere anavina yekha pamchenga. Anathyola masamba a nthochi za eni, nayala mawere m'chisakasa, nawafunditsa bwinobwino ngati mwana wodwala. M'mawa kuwaza madzi, madzulo kuwaza madzi. Wobwera kudzagula ankamubweza. "Sindikugulitsa. Akunenepa kaye."

Patapita masiku, Nkhwali anafika ndi dengu.

"Odi, bambo. Mvula yayandikira, ndikufuna mbewu."

"Wabwera tsiku labwino. Mtengo wakweranso, koma uona mawere amene sunawaonepo."

Chipembere anavundukula masamba monyadira. Nkhwali anasuzumira, nabwerera m'mbuyo, nasuzumiranso.

"Bambo, mawere anuwa ndi achimuna?"

"Bwanji?"

"Ali ndi ndevu."

Chipembere anagwada, nayandikiza diso mpaka nyanga inalowa mumulu. Chisakasa chonse chinali mbee! Kanjere kalikonse katatulutsa kamuzu koyera, timizu titagwiranagwirana ngati mphasa. Mulu unali wofunda, fungo lotsekemera likutuluka.

"Ndimeta," anatero Chipembere.

"Muyambire kuti? Awa amera kale, bambo. Ndikakawafesa pouma chonchi akafa. Phala lakenso ana sangadye. Tsalani bwino."

Pamenepo nthaka inagwedezeka. Didididi! Chipembere ulendo kwa Sakhwi, fumbi koboo. Anamupeza atakhala pakhonde, akusoka khuntho lake long'ambika lija.

"Sakhwi! Uli pati ndikuponde!"

"Ndili pano, achimwene. Khalani pansi, mwatopa. Kwagwanji?"

"Wandinamiza!"

"Ndinati chiyani?"

"Unati amanenepa."

"Sananenepe?"

Chipembere anapumira m'mwamba. "Ananenepa."

"Nanga bodza langa lili pati?"

"Za ndevu sunanene!"

"Za ndevu munandifunsa? Munati pita, usauze munthu. Ine ndinapita. Ndinakuuzaninso kuti musavutike nazo."

Chipembere anakhala pansi, thi, mbiya zonse n'kugwedera.

"Ndiye nditani nawo?"

"Mukawasiya momwemo, achita nkhungu. Akatero ngakhale Nguluwe sangawanunkhize. Koma mukawayanika lero lomwe, chimenecho ndi chimera. Ndipo n'chimera chabwino, achimwene, munachisamala kuposa mmene ndimachitira ine."

"Chimera? Chija mumaphikira mowa?" Timaso ta Chipembere tinawala. "Ndiye ugule! Mtengo wake ndi..."

"Ndilibe maungu. Munadya onse."

"Ndigulitsa kwa ena."

"Pitani. Wofulula mowa pamudzi pano ndi ndani wina?"

Chipembere anaganiza, anaganiza, mpaka makwinya a pakhosi anawonjezekera. Kenako anati, "Ndifulula ndekha. Mgolo ndili nawo."

Analidi nawo mgolo wachitsulo, waukulu, umene anatola kumene anthu okonza msewu anausiya. Musandifunse kuti msewu unalipo bwanji kalekale. Amene anandiuza nthanoyi sindinamufunse.

"Mgolo ndi chiyambi chabwino," anatero Sakhwi. "Mthiko muli nawo? Khuntho? Mukudziwa kuti chimera chimathiridwa phala litazizira bwanji? Mukathira likutentha, mwapha mowa. Mukachedwa, wasasa."

"Undiphunzitse. Undibwerekenso zipangizozo."

"Zinthu zakwera, achimwene."

Anakangana kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka. Chipembere amati kachigawo kakang'ono, Sakhwi amangosoka khuntho. Chipembere amawonjezera pang'ono, Sakhwi amati, "Kodi kukununkha nkhungu, kapena ndi mphuno yangayi?" Mapeto ake anagwirizana: chimera chigawidwe pakati, mulu wina wa Chipembere, wina wa Sakhwi. Kuyanika, kusinja ndi kuthyola nkhuni, zonsezo ntchito ya Chipembere.

Ndiye munthu wamkulu uja anagwira ntchito, ana inu! Anayanika chimera pathanthwe, naingitsa mbalame. Chitauma anachipondaponda ndi mapazi, gu gu gu, mpaka chinasanduka ufa. Anagwetsa mitengo youma, nakokera nkhuni pakhomo pa Sakhwi. Gogomole anangoyang'ana ali pamtengo, nkhuni zake zodula zija zikudyedwa ndi chiswe. Sakhwi anaphika m'mbiya zake, Chipembere mumgolo wake, Sakhwi akumulangiza ali pamwamba pa mtondo: takasani apa, chepetsani moto, dikirani lizizire, thirani tsopano. Sanamubisire kanthu.

Koma dyera silimva mankhwala. Mowa utayamba kuwira, Nkhwali anafika kwa Sakhwi akuthamanga.

"Alamu, mwamva? Chipembere walengeza kuti mowa wake udzatsegulidwa tsiku la dima lanu lomwelo. Akuti kwake kulibe kukwera padenga, n'kungokhala pansi n'kumamwa. Mgolo wonse uja! Ndani adzabwere kuno kudzasenza udzu?"

Sakhwi anayang'ana denga lake, nayang'ana mitambo kumapiri. Kenako anati, "Tiyeni tikamuone wophunzira wathu."

Anamupeza Chipembere akuzungulira mgolo, nkhope ili gwa. Mowa unali ukuwira bwino, thovu likutumphuka, bwata bwata bwata, fungo likufika mpaka kunjira. Odutsa ankaima, n'kukoka mpweya, n'kumwetulira.

"Taona!" anatero Chipembere. "Akununkhiza ulere! Uyo waima apoyo wayamba kale kudzandira, osalipira kanthu. Chokani apo!"

"Ndi mmene umakhalira mowa, achimwene," anatero Sakhwi. "Ine ndabwera ndi langizo limodzi lotsiriza. Mgolowu musautseke zolimba. Ingoikanipo lichero pamwamba, ntchentche zisagweremo. Mowa umafuna kupuma. Mukautsekera umakwiya."

Chipembere anamuyang'ana ndi diso limodzi, namuyang'ananso ndi linalo. Kenako anaseka, hu hu hu.

"Ndakugwira! Ukufuna mphamvu yonse ituluke ndi fungo, wanga usukuluke, anthu akamwe wako. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Yoyamba ija inandipeza. Yachiwiriyi ndailewa."

"Ine ndanena zoona, Nkhwali ndi mboni."

"Pita nazo zoona zakozo."

Ali m'njira Nkhwali anafunsa, "Alamu, mwamuuziranji zoona?"

"Nanga ndikanamuuza chiyani? Amene wagwapo m'mbuna amaopa ndi khomo la nyumba yake lomwe."

Iwo atangochoka, Chipembere anatenga chivundikiro chachitsulo, nachikhomerera. Anamata dongo m'mbali monse. Anakutira ndi chikopa, namanga ndi luzi. Ananunkhiza: zii, fungo palibe. Kuti atsimikize, anakwera pamwamba pa mgolo n'kukhalapo, miyendo ili lende.

Tsiku la dima linafika. Kwa Sakhwi mowa unali utakunthidwa, uli m'mbiya pamthunzi, udzu uli mitolomitolo pabwalo. Koma pabwalopo panali Sakhwi, ana ake ndi Nkhwali basi. Mudzi wonse unali kwa Chipembere, aliyense chipanda m'manja, dzungu kukhwapa.

Dzuwa linakwera, linatentha ngati lakwiya ndi munthu. Chipembere anali pamgolo pomwepo, akuyang'ana khamu likukula. Akaona ena akubwera, amakweza mtengo. Akaonanso ena, amakwezanso.

"Tsegulani, bambo, kukhosi kwauma!"

"Dikirani. Ludzu likakula mowa umakoma."

Pansi pake mgolo unayamba kudandaula. Nguuu. Nguuu.

"Bambo," anatero Namzeze, "mgolo wanu watupa m'mimba."

"Ndi mphamvu imeneyo. Mtengo wakweranso."

Luzi linaduka, thwa! Lina, thwa! Dongo linang'ambika, kamphepo n'kuyamba kulira, tswiiii. Chipembere anakanikiza ndi thupi lonse, nakukuta mano.

Phuuu!

Ana inu, tsiku limenelo chipembere chinauluka. Sichinapite patali, koma chinauluka. Chinakagwa chagada m'nthochi, miyendo inayi ili m'mwamba. Chivundikiro anakachitola tsidya la mtsinje. Mowa unakwera kumwamba ngati mtengo wa mlambe, n'kubwerera ngati mvula, waaa! Nyama zonse zinayasama kukamwa, zina kutchera zipanda, zina kunyambita masamba. Aliyense analawa kadontho, palibe amene anakhuta. Wotsala unamwedwa ndi nthaka, ndipo nthaka sinalipire.

Tsono palibe ludzu loposa la munthu amene walawa n'kulandidwa. Anayang'anizana. Kamphepo kanaomba kuchokera kwa Sakhwi, katanyamula fungo. Anangotembenuka onse, mnzere ngati nyerere.

"Odi, mayi! Tabwera ku dima."

"Fikani, fikani," anatero Sakhwi. "Mowa ulipo. Koma njira yopita kumbiya yadzera padenga."

Ndiye kunagwiridwa ntchito! Ena kusasula udzu wakale, ena kuponya mitolo, ena kumanga. Mpheta amene anakweza mtengo wa khuntho uja ndiye ankaluka m'mphepete, mwaulere. Namzeze anamata ming'alu ya chipupa. Gogomole anakhoma mitengo ya phaso, go go go. Nyimbo zinamveka mpaka kumtsinje. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni, denga linali litatha, kungotsala nsonga yokha pamwamba penipeni, pamene mtolo waukulu womalizira unakanika kukwera.

Apo n'kuti Chipembere atafika. Anaima patali, kuseri kwa nkhokwe, thupi lonse lili matamata ndi masese, masamba a nthochi atakakamira pamsana, ntchentche zikumuperekeza. Ana anayamba kuseka. Sakhwi anawaletsa ndi diso.

"Achimwene," anaitana, "mwafika bwino. Mtolo uwu watikanika. Pamudzi pano wamtali ndi wamphamvu ndinu."

Chipembere anayandikira pang'onopang'ono. Analowetsa nyanga pansi pa mtolo, naunyamula ngati nthenga, nauika pansonga. Mpheta anamanga.

Mbiya zinatsegulidwa. Sakhwi anatenga chipanda chachikulu kuposa zonse, nachidzaza mpaka thovu kusefukira, nachikankhira kwa Chipembere.

"Mtengo wake?" anafunsa Chipembere motsitsa mawu.

"Pa dima sitigulitsa. Wagwira ntchito amamwa."

Chipembere anamwa, gwa gwa gwa, napukuta pakamwa. Kenako anati, "Wanga ukanakoma kuposa uwu."

"Ukanakomadi," anatero Sakhwi. "Onse amene unawagwera pamutu akutero."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Chipembere anayesa kukwiya, koma chipanda chachiwiri chinali chitafika kale pamphuno pake, ndipo kukwiya ndi kumwa siziyendera limodzi.

Chimera chotsala Sakhwi anasinthitsa ndi mbewu kutsidya, nagawira Nkhwali ndi ena onse amene anagulitsa zawo ndi mchere. Mvula itagwa, inapeza minda yofesa ndi denga latsopano, ndipo ana a Sakhwi anagona pakati pa nyumba, miyendo tambalale.

Koma Chipembere masese aja sanamuchoke. Analowa m'makwinya a khungu, kosafika madzi. N'chifukwa chake mpaka lero mukamuona kutchire, pamsana pake pamakhala timbalame tikujompha, jo jo jo. Anthu amati tikudya nkhupakupa. Ayi, tikufunafuna masese. Ndipo akamva kanthu kakuti tswii, safunsa kuti n'chiyani, amangoyamba liwiro.

Nthano yanga yakhala pansi pomwepa, miyendo yatopa. Ana inu, kaphuleni mbatata zingapserere. Ndipo inu akuluakulu amene mwakhoma loko pankhokwe kudikira mwezi wa njala kuti mutidule khosi, ine sindinatchule dzina la munthu. Ndangoti mawa mukasuzumiremo. Chuma chodikiritsa anzako chimamera ndevu.